Mtanda wa Chadodolido: Petro Anaupempha, Ife Tikuuthawa

Malaya aja anapsa Loweruka m'mawa, pamoto womwewo amayi ankaphitsirapo madzi osamba. Inali tisheti yakuda ya pa kaunjika, ndipo mwini wake, mwana wa mlongo wanga wa zaka 16, anali ataivala kamodzi kokha. Pachifuwa pake panali mtanda woyera, koma wozondoka: kamtengo kopingasa kaja kanali m'munsi, cha pamchombo. Mnyamatayo sanalabadire zimenezo. Iye anangoona kuti nsalu ndi yolimba ndipo mtengo wake ndi wofikirika, K4,000 basi. Agogo ake ataiona pachingwe choyanikira sanafunse kuti ndi ya yani. Anaitokosa ndi kamtengo ngati njoka yakufa, n'kuiponya pamoto.

Nditafika madzulo ndinapeza nkhani ili m'kamwam'kamwa. Mnyamata ali duu pakhonde, nkhope ili ndwii.

"Ankolo, tawauzani agogo andibwezere ndalama zanga."

Amayi, amene sajomba ku Mvano Lachinayi ngakhale kugwe mvula yotani, sanatekeseke. "Zausatana pakhomo panga pano ayi. Iwe ndiwe wophunzira, taona ichi." Anandipatsa foni. Munali chithunzi chimene chakhala chikuzungulira pa WhatsApp kwa zaka zambiri: Papa wokalamba atakhala pampando, ndipo pamwamba pa mutu wake, pachotsamira cha mpandowo, pali mtanda wozondoka womwewo. "Waona? Ngakhale akuluakulu omwe analowa kalekale."

Chithunzicho si chopanga pakompyuta ayi. Chinajambulidwa m'mwezi wa Marichi chaka cha 2000, pamene Papa John Paul II, yemwe uja anabwera kuno kwathu mu Meyi 1989, ankachita Misa ya achinyamata ku Korazim, pamtunda woyang'anana ndi Nyanja ya Galileya. Mtanda uli pampandowo ndi weniweni. Chabodza ndi mawu amene anthu amalemba m'munsi mwa chithunzicho. Amene anakonza mpando uja sanazembetsepo chizindikiro cha mdyerekezi. Anaikapo chizindikiro cha msodzi wa panyanja yomweyo, Simoni Petro, amene Akatolika amamutenga kuti ndiye Papa woyamba. Mtanda wozondoka dzina lake ndi mtanda wa Petro Woyera, ndipo kwa zaka mazanamazana unkanena chinthu chimodzi: sindine woyenera.

Baibulo silifotokoza mmene Petro anafera. Pafupi ndi mapeto a Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 21, pali mawu okuluwika amene Yesu anamuuza onena za ukalamba wake, za manja otambasula ndi za kutengedwa kupita kumene mtima sukufuna, ndipo wolembayo akutiuza kuti apa pankanenedwa za imfa yake. Zotsalazo timazipeza m'mbiri ya mpingo woyamba.

Mu Julaye chaka cha 64 mzinda wa Roma unapsa kwa masiku angapo. Mwa zigawo zake 14, zinayi zokha ndi zimene moto sunakhudze. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mfumu Nero ndiye anayatsa. Wolemba mbiri wachiroma Tacitus, amene sankawakonda Akhristu ngakhale pang'ono, akuti Nero pofuna kuzimitsa mphekeserazo analoza chala kagulu kodedwa kale ka otsatira Khristu. Ena anawaveka zikopa za nyama kuti agalu awakhadzule, ena anawapachika, ena anawayatsa usiku kuti akhale miuni m'minda ya mfumu. Bwalo la masewera la Nero linali paphiri la Vatican. Mpingo umakhulupirira kuti Petro anaphedwa m'chizunzo chimenecho, pakati pa chaka cha 64 ndi 67, n'kuikidwa m'manda a pafupi pomwepo. Chipilala chachitali cha mwala chimene chili pakati pa bwalo la Petro Woyera lero chinali m'bwalo la Nero lija; anachisunthira pamene chili mu 1586.

Kupachika munthu chadodolido sikunali kwachilendo kwa Aroma. Seneca, amene anali mphunzitsi wa Nero yemweyo, analembapo kuti anaona mitanda yamitundumitundu, ina yopachikapo anthu mutu uli pansi. Asilikali ankachita zimenezi posewera ndi imfa ya munthu. Chodabwitsa pa Petro n'chakuti, malinga ndi mbiri ya mpingo, anachita kupempha yekha.

Apa pali kanthu kamene ngakhale ambiri odziwa nkhaniyi amakaphonya. Buku lakale kwambiri lonena za pempho limeneli ndi Machitidwe a Petro, lolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 100, ndipo silili m'Baibulo. M'bukumo Petro sakudandaula za kuchepa kwake. Ali pamtanda chomwecho akulalikira kuti munthu woyamba anagwa chamutu, ndipo kuyambira pamenepo anthu timaona zinthu mozondoka: chakumanja timachiyesa chakumanzere, choipa timachiyesa chabwino. Kuti munthu aone dziko mmene Mulungu amalionera, ayenera kutembenuzidwa. Origen, katswiri wa Malemba wa ku Alexandria, anabwerezanso kuti Petro anapempha kufa mutu uli pansi, ndipo Eusebius anasunga mawu akewo m'mbiri yake ya mpingo. Koma chifukwa chimene chinakhazikika m'mitima ya anthu ndi chimene Jerome analemba ali ku Betelehemu cha m'ma 392: Petro anaona kuti sakuyenera kufa mofanana ndi Ambuye wake.

Ine zifukwa ziwirizi sindiziona ngati zikutsutsana. Munthu amene anakana mnzake katatu usiku umodzi, akuwotha moto ndi adani, amadziwa kuti maso ake sakhala olungama nthawi zonse.

Amene akufuna kuona nkhaniyi ndi maso afufuze chithunzi chimene Caravaggio anapenta mu 1601, chomwe chili m'tchalitchi cha Santa Maria del Popolo ku Roma. Mulibe angelo, mulibe kuwala kochokera kumwamba, mulibe khamu lolira. Muli amuna atatu aganyu amene akulimbana ndi katundu wolemera. Mmodzi akukoka chingwe, msana uli kwa ife. Wina wakumbatira miyendo ya nkhalambayo pamodzi ndi thabwa. Wachitatu wagwada pansi, wasenza mtanda ndi phewa, fosholo ili m'manja, ndipo chimene watilozetsa ndi mbuyo yake ndi mapazi akuda bii ndi dothi, mapazi a munthu amene sanavalepo nsapato. Petro ndi mdala wa dazi ndi ndevu zaimvi, thupi likadali la msodzi. Wadzutsa mutu movutikira, maso ali cha kumene msomali walowa m'dzanja lake. Sakuoneka ngati ngwazi. Akuoneka ngati agogo amene akumva ululu ndipo akudziwa kuti zayambika kumene. Kudzichepetsa kwa m'chithunzichi kulibe zokometsera, kukununkha thukuta.

Tsono tinene chilungamo, amayi sanalakwe kotheratu. Tisheti ija sinasokedwe ndi masisitere. Mwina inachokera kwa okonda nyimbo zaphokoso zija za ku Ulaya ndi America zimene oimba ake ena amanyoza Chikhristu mwadala. Woimba wina wa gulu la Deicide, Glen Benton, anachita kudziwotcha chipsera cha mtanda wozondoka pachipumi. Opanga mafilimu oopsa nawo anaupeza kuti ndi njira yachidule youzira oonera kuti chiwanda chalowa m'nyumba: mufilimu ya The Conjuring 2 ya mu 2016 muli chipinda chodzaza mitanda imene imatembenuka yokha umodziumodzi. Kwa anthu amenewa nzeru yake ndi yophweka: ukafuna kunyoza chinthu, chizondotse. Ambiri a iwo za Petro sazidziwa n'komwe. Choseketsa n'chakuti mnyamata wa ku Norway amene wavala mtanda wozondoka kuti akwiyitse abusa, ndi mayi wa kwathu amene wauwotcha poopa Satana, agwirizana chimodzi: onse awiri alanda Petro chizindikiro chake n'kuchipereka kwa mdani.

Chizindikiro sichilankhula chokha. Chimadalira amene wachinyamula ndi amene akuchiona. Mtanda woongoka womwewu, umene lero timaupachika m'khosi ndi kuusoka pa yunifolomu za amayi a m'mipingo, poyamba unali chinthu chochititsa manyazi, chida chophera akapolo ndi oukira boma. Mu 1857, paphiri la Palatine ku Roma, anapeza chojambula chokanda pakhoma cha zaka pafupifupi 1,800 zapitazo. Chikuonetsa munthu wa mutu wa bulu atapachikidwa, ndipo pambali pake pali mnyamata atakweza dzanja. Mawu a Chigiriki amene ali pamenepo akuseka mnyamatayo, dzina lake Alexamenos, kuti akupembedza mulungu wake. Chimodzi mwa zithunzi zakale kwambiri za Yesu pamtanda ndi chipongwe cha pakhoma. Akhristu oyamba ankanenedwa kuti amadya anthu chifukwa cha mawu a pa Mgonero, ankanenedwanso kuti sakhulupirira mulungu aliyense chifukwa sankafukiza lubani kwa milungu ya boma. Mpingo unabadwa uli wonamiziridwa ndi anthu oona chizindikiro koma osafunsa tanthauzo. N'zomvetsa chisoni kuti zidzukulu zake zaphunzira luso lomwelo.

Ndipo si mtanda wa Petro wokha. Disembala aliyense pamatuluka uthenga wochenjeza kuti olemba Xmas afufuta dzina la Khristu. Chilembo chija si chofufutira ayi, ndi chilembo choyamba cha dzina la Khristu m'Chigiriki, chinenero chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, ndipo alembi a m'nyumba za amonke ankafupikitsa dzinalo motero kalekale makina osindikizira asanabwere. Zilembo za IHS zimene timaziona pansalu za paguwa ndi pa mkate wa Ukalistia nazo ndi chiyambi cha dzina la Yesu m'Chigiriki. Koma m'zaka za m'ma 1850 mbusa wina wa ku Scotland, Alexander Hislop, analemba buku lotchedwa The Two Babylons momwe ananena kuti zilembozo zikuimira milungu itatu ya ku Igupto. Akatswiri a mbiri anazikana kalekale, koma bodza la Hislop likadali moyo, lavala zovala zatsopano pa YouTube ndi TikTok. Ngakhale nyenyezi ya nsonga zisanu, imene lero munthu akaiona amalumpha, kwa Akhristu a ku Ulaya a zaka za m'ma 1300 inkakumbutsa mabala asanu a Yesu.

Funso limene lakhala likundivuta si lakuti n'chifukwa chiyani anthu sadziwa zimenezi. Palibe anabadwa akudziwa Chigiriki, ndipo amayi anga alibe mlandu posadziwa Jerome. Chondivuta n'chakuti n'chifukwa chiyani kupeza Satana m'chinthu kumatikomera chonchi. Taonani nkhope ya munthu amene akukuonetsani chizindikiro chobisika pa botolo la chakumwa, pa ndalama ya pepala kapena pa chala cha woimba. Simuonapo mantha okha. Pali kakunyadira. Iye waona chimene anthu wamba sakuchiona. Ali ndi maso auzimu, enafe tili m'tulo. M'masiku ano a aneneri ochuluka, maso auzimu ndi udindo, ndipo nthawi zina ndi malonda. Munthu amene angaloze kumene kwabisala mdyerekezi amakhala pamwamba pa amene akulozeredwa. Kunena kuti "sindikudziwa, ndikafunse" kulibe ulemerero wotero. Palibe amakuombera m'manja.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma kufunsa kumafuna kuti munthu atsike kaye, avomere kuti mwina mnzake wa mpingo wina uja, amene amagwada mosiyana ndi iye, ali ndi chifukwa chimene iye sanachimvepo. Pamenepa ndi pamene timalephera. Wa Pentekosite amaona korona m'manja mwa Mkatolika n'kuti ndi chithumwa. Mkatolika amamva malilime n'kuti ndi misala. Wa Sabata amaona Lamlungu lonse ngati chizindikiro cha chilombo. Tonse timaimba za kudzichepetsa, koma timakuyesa khalidwe la m'maondo ndi m'mawu: kugwada popereka moni, kuyankhula motsitsa, kudzitcha kapolo wopanda pake popemphera pagulu. Kudzichepetsa kwa m'mutu, kololera kuti zimene ndikuganiza zikhoza kukhala zolakwika, sitikuwerengera.

Petro anaphunzira zimenezi mochedwa ndiponso mowawa, ndipo mwina n'chifukwa chake timamukonda. M'Mauthenga Abwino ndi munthu wothamanga pakamwa. Ndiye anadzudzula Yesu atanena za imfa yake, mpaka Yesu anamutchula dzina lomwelo limene ife timakonda kutchula anzathu, Satana. Ndiye analumbira kuti ena onse angathawe koma iye ayi. Ndiye anasolola lupanga m'munda n'kudula khutu la wantchito. Usiku wa Mgonero, Yesu atamanga chopukutira m'chiuno n'kuyamba kusambitsa mapazi a ophunzira ake, Petro anakana. Kukana kwakeko kunkaoneka ngati ulemu, koma mkati mwake munali kuuma mutu kwa munthu amene akudziwa kale mmene Mulungu ayenera kukhalira: Ambuye sagwada. Ngakhale Mzimu atatsika kale, panafunika masomphenya obwerezedwa katatu ku Yopa kuti avomere kulowa m'nyumba ya Korneliyo, munthu wa mtundu wina amene iye ankamuyesa wodetsedwa. Ndipo pambuyo pake, ku Antiokeya, Paulo anamudzudzulabe pamaso pa anthu chifukwa chopewa kudya ndi akunja. Moyo wake wonse unali wa kutembenuzidwa pang'onopang'ono. Mtanda uja unangomalizitsa.

Zizindikiro za kudzichepetsa zimakhumudwitsa opembedza mpaka lero. Pa Lachinayi Loyera la 2013, patangopita milungu iwiri chisankhidwireni, Papa Francis anapita kundende ya achinyamata ya Casal del Marmo ku Roma n'kusambitsa mapazi a akaidi 12. Mwa iwo munali atsikana awiri ndiponso Asilamu. Odandaula oyamba anali a mumpingo mwake momwe, amene ankati malamulo a mwambowo amanena za amuna okha. Mu Epulo 2019 mkulu yemweyo, ali ndi zaka 82 ndipo akuyenda movutikira, anagwada n'kupsompsona nsapato za Salva Kiir ndi Riek Machar, atsogoleri a South Sudan amene nkhondo yawo inapha anthu miyandamiyanda, powapempha kuti asunge mtendere. Ena anati wanyozetsa udindo wake. Komatu limodzi mwa maina a udindowo, kuyambira nthawi ya Gregory Wamkulu amene anali Papa kuchokera mu 590 mpaka 604, limatanthauza kapolo wa akapolo a Mulungu. Dzina tinalizolowera, chimene sitinazolowere ndi kuona munthu akulichita.

Wina anganene kuti nkhani ya tisheti ndi yaing'ono, K4,000 si chuma. Zoona. Koma mtima umene umawotcha malaya osafunsa suimira pa malaya. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Umboni wake unali zizindikiro: chikwama chachilendo, nkhope yosadziwika m'mudzi, munthu woyenda usiku, galimoto yoima pamalo osayembekezeka. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Mwina ambiri mwa amene anatola miyala masiku amenewo Lamlungu lake anali m'tchalitchi. Ndipo chaka sichitha osamva kuti gogo wina wamenyedwa kapena kuwotcheredwa nyumba chifukwa mwana wamwalira mwadzidzidzi ndipo gogoyo maso ake ndi ofiira, maso amene afiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka 70.

Pachilumba cha Likoma pali tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene aliyense wotsika sitima ya Ilala amafuna kukachiona. Mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911, chaka chomwecho chimene boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, lamulo limene likadalipo m'mabuku athu. Malo amene chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa ndi pamene ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Amishoni a Anglican anakhazikika pamalo amenewo. Anthu a pachilumbapo anasenza miyala ndi njerwa n'kumanga nyumba yopemphereramo pamwamba pa phulusa la onamiziridwa, ndipo tchalitchicho anachipatsa dzina la Petro Woyera.

Zonsezi sindinawauze amayi tsiku lija. Akanati ndayamba ulaliki pakhomo pa eni. Ndinangofufuza chithunzi cha Caravaggio pafoni yanga n'kuwapatsa. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi Petro, amayi. Anapempha yekha. Ankati sayenera kufa ngati Ambuye."

Anatembenuza foni kuti aone bwino nkhope ya mdalayo. Chithunzi nacho chinatembenuka, Petro n'kubwerera chadodolido. Anatembenuzanso, chimodzimodzi. Kachitatu anaisiya foniyo pamwendo n'kupendeketsa mutu wawo.

"Mapazi a uyu wagwadayu," anatero, chala chili pagalasi, "ngati a malemu bambo ako pochokera kudimba."

Kenaka anaitana mdzukulu wawo. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, n'kuwerenga ndalama zopindapinda: K2,000.

"Theka," anatero. "Theka linalo ukafunse amene anasoka malayawo ngati amamudziwa Petro."